Alufeyo Kachigamba, Amene Anasankha Kugona Pafupi ndi Msewu

Malemu amene tawazungulira pano ndi Bambo Alufeyo Dixon Kachigamba. Anabadwa m'chaka cha 1981 m'mudzi wa Kandota, kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Anali achiwiri kubadwa mwa ana anayi a malemu Bambo Dixon Kachigamba ndi ine Theresa, amene ndaima pano. Abusa anati mbiriyi awerenge wina wa mtima wokhazikika, koma ndakana. Ndinawabala ndine, ndiwerenga ndine. Sukulu ndinalekeza sitandade 3, ndiye pamene ndipunthwe mupirire, sindikuchedwetsani.

Ndikudziwanso funso limene lili m'mitima mwanu, makamaka inu akumudzi amene mukutionera pa foni yaikidwa pampandopo. Mukuti bwanji mwana wa ku Kandota akuikidwa ku South Bend, pamene Amalawi akuno anali atayamba kale kusonkha zotumizira thupi kwathu? Achimwene anga a Bizwick, amalume a malemuwa, sanandiyankhule chiyambire Lachinayi. Yankho lili m'mbiri yomweyi, mvetserani.

Sukulu ya pulayimale malemu anaphunzira ku Lizulu konko. Anakulira pamsika, chifukwa ine ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pamsewu waukulu uja. Malo anga ndi a mzere woyamba, pamene basi imaimira. Malowo ndinawapeza ndi pakamwa pangapa ndipo ndawasunga ndi pakamwa pomwepa zaka zonsezi. Alufeyo anakula akuona amayi a mzere wakumbuyo, ena a katundu wabwino kuposa wanga, akubwerera naye kunyumba madzulo. Sekondale anaphunzira ku Ntcheu paboma, nakhoza mayeso a fomu 4 mu 1999. Anagwirako ukalaliki pa kampani ina ya mabasi ku Lilongwe, ndipo mu 2004 anabwera kuno ku Amereka kudzaphunzira za bizinesi.

Ali pasukulupo anapeza ganyu yolozera anthu poimika galimoto pa bwalo la besibolo la pakati pa tauni ino ya South Bend. Kwa inu akumudzi, besibolo ndi mpira wakuno: wina aponya kampira, wina akamenya ndi chibonga n'kuthamanga. Atandiuza pa foni ndinawafunsa kuti, "Ndafera dzuwa ndi kachewere kuti iwe ukalondere galimoto za anthu oonera akuluakulu akusewera raundasi, masewera a ana asukulu?" Iwo anangoseka, nati, "Amayi, kuno raundasiyo ili ndi malipiro." Sanachokenso m'ntchito imeneyo. Atamaliza sukulu anawalemba ntchito yeniyeni, kuchoka pa galimoto kupita pa geti, kuchoka pa geti kulowa mu ofesi yogulitsa matikiti kwa magulu, monga mipingo, masukulu ndi makampani.

Pa geti pomwepo ndi pamene anadziwana ndi Mayi Tusekele Mwafongo ochokera ku Karonga, anamwino pa chipatala chapafupi, amene ankadutsa pamenepo akaweruka shifiti popita kokwerera basi. Ukwati wawo unadalitsidwa mu 2009. Mulungu anawapatsa ana awiri, Madalo ndi Mwaiwathu.

Ine ndinabwera koyamba mu 2011 kudzalera Madalo. Malemu ananditengera kubwaloko Lachiwiri lina dzuwa lisanalowe. Za mpirawo sindinatolepo kanthu, mpaka lero sindidziwa amene amawina amawina bwanji. Ine ndinkaona anthu. Abambo akutuluka m'maofesi atamasula mataye, kungodumpha msewu, alowa. Anamwino ndi yunifomu yawo, alowa. Okalamba akutsika basi ndi ndodo zawo, alowa. Timu inaluza tsiku limenelo, koma m'mawa mwake anthu anabweranso. Ndinati, "Iwe, pano ndi pa mzere woyamba." Anati, "Mwaona nokha, amayi. Ena mwa anthuwa podzuka sanadziwe n'komwe kuti lero aonera mpira. Angoupeza panjira."

Mu 2016 anaitanidwa ku ntchito yaikulupo, kukhala mkulu wa matikiti pa timu ina yaing'ono kunja kwa Indianapolis. Dzina lake sinditchula, inatha kale. Banja linasamukira ku Beech Grove. Eni timuyo anali atamanga bwalo latsopano kutali, pakati pa minda ya chimanga, kupitirira pamene mabasi amathera, chifukwa malo kumeneko anali otchipa. Bwalo lokongola, mipando yofewa, poimika galimoto pamtetete ngati bwalo la ndege. Chaka choyamba anthu anakhamukirako kukaona chachilendo. Chaka chachiwiri anayamba kuchepa, ndipo si kuti timu inkaluza ayi, inkawina. Malemu anayesa zonse. Anagawa zipewa zaulere, anatsitsa mtengo wa chakudya, anaphulitsa makombola. Loweruka anthu ankabwerako, koma pakati pa sabata inali mipando yokhayokha.

Mabwana awo ankati, nanga ku Speedway, kumene kumachitika mpikisano wa galimoto, bwanji kumadzaza anthu ochokera kutali kwambiri? Malemu ankawayankha kuti mpikisano waukulu uja ndi wa kamodzi pa chaka, munthu amaukonzekera ngati ukwati. Besibolo imaseweredwa Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, chilimwe chonse. Munthu amene waweruka atatopa, mawa alinso ndi ntchito, sangadiraive ulendo wonsewo Lachiwiri, ndipo wopanda galimoto ndiye sangayerekeze n'komwe. Mabwanawo sanali anthu oipa, ankawamvera ndithu. Koma bwalo likamangidwa lamangidwa, simungalisenze pamutu ngati dengu n'kukhala nalo pena.

Ndiye malemu anati ngati bwalo silingapite kwa anthu, iwo akawatenga anthuwo. Anapempha maveni awiri, imodzi ankayendetsa okha, mkulu wathunthu wa matikiti. Ankadikira pamene basi imathera. Ankazungulira m'mipingo ya ku Beech Grove ndi ku Speedway, ndi m'nyumba zosungira okalamba momwe ambiri a inu a ku Indianapolis mumagwira ntchito. Ena muli pano munakwerapo veni imeneyo mutakankha okalamba anu panjinga zawo, mukudziwa kuti sindikunama. Mayi Tusekele ankadandaula kuti anakwatiwa ndi bwana koma akukhala ndi kondakitala. Koma maveni awiri sangadzaze bwalo.

Ndinabweranso mu 2018 ndipo ndinakhala m'bwalo limenelo. Wosewera akatsokomola ndinkamumva. Mtsikana wogulitsa zakumwa anandibwerera mpaka ndinamugula chifukwa cha chisoni, ine amene sindigula kanthu chifukwa cha chisoni. Pobwerera tinadzera pakati pa mzinda wa Indianapolis, pamene pali bwalo lina la besibolo, ndipo tinapeza anthu akutuluka wapansi, atadzaza msewu, ana ali pamapewa. Malemu anachepetsa liwiro la galimoto, nawayang'ana anthu aja nthawi yaitali.

Timu ija inatsekedwa kumapeto kwa 2019. Banja linabwerera kuno ku South Bend, ndipo malemu analandiridwanso pa bwalo lawo lakale, pa udindo wotsikirapo. Sanadandaule. Ankati bola kugona atatopa ndi anthu kusiyana ndi kutopa ndi mipando.

Za mpingo, anabatizidwa mu CCAP kwathu, ndipo kuno anali mkulu wa mpingo pakati pa Amalawi anzawo. Mukukumbukira inu eni ake chaka chimene munafuna kusamukira ku holo yaikulu ya kunja kwa tauni. Malemu anaimirira nafunsa kuti, "Ana asukulu athuwa alibe galimoto, anamwino amachokera ku shifiti pa basi. Mukufuna holo yaikulu kapena mukufuna anthu?" Mpingo sunasamuke. Ena munawakwiyira, koma ndakuonani mwabwera, zikomo.

Matenda a impso anayamba mu 2022. Anakhala akupita pa makina otsuka magazi uku akugwirabe ntchito, mpaka chaka chino thupi linakana. Ine ndinafika mu Juni kudzadwazika. Zenera la chipinda chawo kuchipatala linkaloza ku msewu, ndipo tsiku la mpira ankapempha kuti tiwakhazike tsonga, aone anthu a zipewa akulowera kubwalo. Ankatha kunena kuti lero kudzaza kapena ayi pongoona mayendedwe a anthu.

Madokotala atatiuza kuti palibenso chimene angachite, ine sindinazungulire. Masana amenewo ndinati, "Alufeyo, ndikutenga. Ukagona pafupi ndi abambo ako." Anandifunsa kuti, "Adzabwereko ndani kumeneko?" Ndinati, "Ine." Anati, "Inu mudzabwera, amayi, ndikudziwa. Nanga mukadzatsatira inu? Madalo ndi Mwaiwathu sukulu ili kuno, mayi awo ntchito ili kuno. Chaka choyamba adzakwera ndege, monga anachitira anthu ku bwalo la m'chimanga lija. Chaka chachiwiri adzatumiza moni."

Sindinagonje pomwepo, mukundidziwa. Ndinatchula amalume awo. Ndinatchula makolo onse amene agona ku Kandota, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaikidwa kuchilendo. Ndinati chabwino, thupi lipite kwathu, kuno tisiye chithunzi ndi mwala woti ana aziikapo maluwa. Anakana. Ndinati ana tizikawaitanitsa patchuthi chilichonse. Anapukusa mutu. Ndalimbana ndi mavenda a ku Lilongwe ndi madalaivala a malole moyo wanga wonse, palibe anandichotsapo pa mtengo wanga. Koma malemu anandigwira dzanja, mawu atachepa kale, nati, "Amayi, ku Lizulu munkalimbirana mzere woyamba chifukwa chiyani? Kachewere wanu sanali wabwino kuposa wa amayi akumbuyo aja." Ndinatuluka panja. Nditabwerera ndinati, "Wawina. Koma malo ake ndisankha ndine." Anati, "Ndani angakuletseni?" Kumeneko kunali kuseka kwawo komaliza kumene ndinakumva.

Bambo Alufeyo Dixon Kachigamba anatisiya Lolemba m'mawa, pa 16 Seputembala 2024, akazi awo ali pambali pawo.

Lachinayi tinabwera kuno kumanda, ine, Mayi Tusekele, ndi Madalo wondimasulira Chingerezi. Bambo woyang'anira manda ano, munthu waulemu ndithu, anatitengera kumapeto uko, kuseri kwa kachitunda, pansi pa mitengo. Anati kumeneko ndi kwa bata, anthu amakukonda. Ndinati, "Madalo, auze kuti kumbuyo sindikufuna." Anationetsa pena, ndinakana. Ndinaloza pano, pafupi ndi geti. Anati pano pali phokoso la msewu, komanso sankafuna kutsegula mzere uno chaka chino. Ndinakhala pampando wa mu ofesi mwawo, chikwama pamiyendo, ndipo ndinamuuza Madalo kuti awauze kuti ine ndilibe kopita mpaka madzulo. Anaimba mafoni awo, ndipo lero taima pano. Tembenukani muone, chikwangwani cha basi ndi icho. Munthu wochokera pakati pa tauni akatsika, sayendanso mtunda.

Achimwene a Bizwick, ndikudziwa mukundimva ngakhale mwakhala chete. Munali mutaonetsa kale malo pafupi ndi alamu anu, ndipo ine ndakuchititsani manyazi pamudzi. Mkwiyo wanu musaulozetse kwa mpongozi wanga Tusekele, iye sanalankhulepo kanthu pa nkhaniyi. Amene anavomera ndine. Ndikubwera mwezi wamawa, mudzandikalipire pamaso. Koma mudziwe kuti pa malonda amenewa woluza kwambiri ndine. Inu mwataya mwambo, ine ndataya manda a mwana wanga. Ndi miyendo iyi, ndikafika kwathu ndege ija sindikhulupirira kuti ndidzaikweranso. Ndibweretsa chipewa chawo cha kuntchito, chimene chinapauka ndi dzuwa la pa geti, ndipo chimenecho mudzachiike pamalo munaonetsapo. Ine ndizikalambula pamenepo.

Tsono inu, Madalo ndi Mwaiwathu, dzutsani mitu. Mumandiyankha m'Chingerezi koma Chichewa mumamva, musandinamize. Abambo anu akana kugona ndi makolo awo chifukwa cha inu. Sindikuti muzibwera ndi maluwa ogula, kapena kudikira tsiku lalikulu la pachaka. Bwerani Lachiwiri wamba, mukaweruka kusukulu, ndi zikwama zanu kumsana. Muime pang'ono, muchotse masamba, muwauze ngati timu yawina, mukwere basi yotsatira. Ndizifunsa pa foni, ndipo mukadzati kunali kutali, ine ndidzadziwa kuti ndi bodza, chifukwa malowa ndayeza ndi mapazi anga.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Tusekele Kachigamba. Ana awiri, mwana wamkazi Madalo ndi mwana wamwamuna Mwaiwathu. Achimwene awo aakulu a Shadrick amene ali ku Lilongwe. Azichemwali awo awiri ku Kandota. Amalume awo a Bizwick. Ndi ine mayi awo, Theresa.

Alufeyo mwana wanga, ndakupezerani pa mzere woyamba. Apumule mu mtendere, pomwe pano pamene ana awo angafike.