Kapitawo Amene Ankanenera Alendo Mbiri

Malemu bambo Basil Yohane Mkwamba anabadwa pa 14 Malichi 1951 ku Mbungo, pachilumba chathu chomwe chino. Amene ndikuwerenga mbiri yawoyi ndine Cyprian, mwana wa mlongo wawo. Atsogoleri a mpingo, mafumu, akuluakulu a khonsolo ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, manong'onong'o ndawamva kuyambira dzulo. Mukufunsana kuti bwanji manda akumbidwa kuno ku Chipyela, kumalo oikako alendo, pamene akazi awo agona ku Mbungo. Ena akuti banja lakangana. Sitinakangane ayi, ndipo yankho lake lili m'mbiri momwemu.

Anabadwa awiri okha, iwo ndi mayi anga a Marian. M'chaka cha 1955 bambo awo a Yohane anakwera sitima kupita ku Bulawayo kukafuna ntchito, monga ankachitira amuna ambiri a kuno. A Basil ankati nkhope ya bambo awo anaiiwala, chimene chinatsala m'mutu ndi mluzu umene ankaimba posoka ukonde. Mu 1963 munthu wina wa ku Khuyu anabwerako kumeneko ndi uthenga woti a Yohane anamwalira kalekale m'chipatala, ndipo anaikidwa ndi antchito a khonsolo ya mzindawo. Panalibe mbale, panalibe nyimbo, panalibe ngakhale wotchula dzina lawo. Pamene pali manda mthengayo sankapadziwa. Banja linalira maliro opanda mtembo, ndipo mwana wa zaka khumi ndi ziwiri uja anazisunga mumtima.

Sukulu anaphunzira ya mishoni mpaka Sitandade 8 mu 1967. Kusekondale sanapite chifukwa panalibe wowathandiza. Anayamba kupha usipa ndi amalume awo, kenako anaphunzira ukalipentala. Pa 21 Ogasiti 1976 anamanga ukwati woyera ndi mayi Esme a ku Mbungo komweko, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu: Davis, Constance ndi Dean, amene anatsogola ali wamng'ono. Mayi Esme anali mzati wa kwaya. A Basil nawo anayesako kwaya, koma aphunzitsi a nyimbo anawapempha mwaulemu kuti azikatumikira Mulungu potolera chopereka.

Chilumba chathu chitakhala boma palokha, a Mkwamba analembedwa ntchito kukhonsolo mu 2001 ngati kapitawo. Ntchito imeneyi ilibe kutchuka. Ankaonetsetsa kuti msika wasesedwa, zinyalala zatayidwa, njira zalambulidwa mvula ikatha, ndipo zimbudzi za padoko zili bwino sitima isanafike. Nthambi ya mlambe ikagwera m'njira, woyamba kufika ndi nkhwangwa anali iwo. Ankakonda kunena kuti anthu amakumbukira khonsolo chimbudzi chikadzaza basi. Pamisonkhano ya komiti ankakhala kumbuyo, chipewa pabondo, kudikira kuti akuluakulu amalize za malayisensi ndi bajeti kuti iwo anene za wilibala yothyoka.

Pa ntchito zonsezi panali ina imene anthu safuna kuimva. Mukudziwa kuti abale athu a kutsidya amawoloka kudzafuna chithandizo kuchipatala, ndipo pamabweranso amalonda ndi asodzi ochokera kutali. Zimachitika kuti wina wamwalira, omuperekeza anabwerera kale, ndipo mbale saoneka. Achipatala ndi apolisi akamaliza mbali yawo, womuika amakhala khonsolo.

Mlendo woyamba anawagwera m'manja mu 2003. Anapita ndi antchito awiri, a Mclean ndi a Tendai, amene ali nafe pano. Nthaka ya kuno mukuidziwa, ndi miyala yokhayokha, ndipo pomaliza kukumba onse anali atatheratu. Atatsitsa bokosi, a Mclean anagwira fosholo kuti akwirire, koma a Basil anawaletsa. Anavula chipewa, naima kumutu kwa manda, nayankhula ngati kutsogolo kwawo kuli khamu: "Malemu anabadwira kutsidya, tsiku sitikulidziwa. M'manja mwawo muli zipsera za chingwe, ndiye kuti anali msodzi. Kwawo alipo wina amene akuyang'anabe kunyanja." A Tendai akuti iwo anadziluma milomo kuti asaseke, poti omvera anali mbuzi zokha. Pobwerera a Basil anangowauza kuti galu ndiye amakwiriridwa chete, munthu amanenedwa.

Kuyambira pamenepo palibe mlendo anaikidwa kumalo ano popanda mbiri. Uthenga ukangofika, iwo ankazungulira padoko, pamsika ndi kuchipatala kufunsa amene anamuonapo malemuyo. Wina ankati anagula fodya kwa ine, wina ankati usiku ankaitana dzina la mwana. Zing'onozing'ono zomwezo ndi zimene ankazinena pamanda. Palibe anawatuma, ndipo pamalipiro awo sipanawonjezeke kanthu.

Zimenezi zinawatayitsa anzawo. Poyamba anthu ankangowaseka, kuwatcha wansembe wa khonsolo. Kenako kunamveka mphekesera zoti munthu wokonda maliro a eni ake ali ndi zake zimene amakatengako. Pabawo anzawo anayamba kuchepa, ndipo mapeto ake anasiya kupitako. Zinkawapweteka kwambiri, ngakhale sankadandaula. Amene sanawasiye ndi mayi Esme. Iwo ankamanga chitenje, kuyenda wapansi kuchokera ku Mbungo, kudzaimbira munthu wosamudziwa nyimbo imodzi, chifukwa ankati manda opanda nyimbo ndi dzenje chabe.

Anapuma ntchito mu 2011, koma kumanda kuno sanapume. Mayi Esme atamwalira pa 3 Novembala 2014, a Basil anatsala okha m'nyumba, ana ali kutali. Ankabwerabe, kunena mbiri, kenako n'kuimba okha nyimbo ija ndi mawu omwe aja anakanidwa kukwaya. A Mclean akuti nthawi imeneyo palibe ankafunanso kuseka.

Mu 2022 anavala jekete lawo la ku tchalitchi, napita kumsonkhano wa komiti kukapempha kuti akadzamwalira adzaikidwe pakati pa alendo awo. Anadikira mpaka gawo lomaliza la msonkhano, la zina ndi zina. Nkhani yawo inakambidwa itatha ya mbuzi zolowa mumsika, isanayambe ya kalavati ya njira ya ku Khuyu. Wapampando anadabwa, nawafunsa ngati ayambana ndi abale. Iwo anayankha kuti: "Esme wagona pakati pa makolo ake ndi theka la kwaya, sasowa wocheza naye. Awa alibe aliyense. Bambo anganso agona pakati pa anthu otere kwinakwake, ndipo kumeneko sindingakafike." Komiti inavomera, ndipo banja titauzidwa tinalemekeza.

Mu 2023 anadwala matenda a kuthamanga kwa magazi ndipo anafa ziwalo mbali imodzi. A Constance anayesetsa kuwatengera ku Mzuzu, koma anakana, amvekere akachoka alendo adzanenedwa ndi yani. Anawasamalira ndi mayi Mervis oyandikana nawo nyumba. Matenda atakula anagonekedwa kuchipatala, kumene anatisiya pa 9 Julayi 2025 ali ndi zaka 74.

Asiya ana awiri ndi zidzukulu zisanu, ndiponso mlongo wawo a Marian. A Davis ali ku Joni, ndipo akutimvera pa foni imene agwira mayi Mervis apo, ngati netiweki sinaduke. A Constance afika pa Nkhata Bay, koma mwera wakana, maboti sakuwoloka. Choncho bambo athu akuikidwa popanda mwana wawo woponya dothi. Zikutiwawa, koma malo ano anazolowera zotere.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, amayi amene agona pasiwa, adzukulu amene alimbana ndi miyala, ndi khonsolo posunga lonjezo lake. Mayi Mervis, Mulungu yekha ndiye akubwezereni. A Mclean ndi a Tendai, inu mwanyamula bokosi ili musanapemphedwe.

Chatsala chinthu chimodzi. Ali m'chipatala anandigwira dzanja, nandiuza kuti alendo onse anawanenera, koma pali mmodzi amene sananenedwepo ndi munthu aliyense, ndipo ndisadzatseke mbiri yawo ndisanamunene. Ndikupempha abambo amene mwavala zipewa muvule.

Malemu Yohane Mkwamba anabadwira ku Mbungo, tsiku sitikulidziwa. Anali msodzi, ndipo ankaimba mluzu posoka ukonde. Anakwera sitima mu 1955. Anamwalira ku Bulawayo, pamene agona sitikupadziwa. Anasiya mkazi ndi ana awiri. Mwana wawo wamwamuna anawadikira zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo lero wanyamuka kukawafuna.

Mizimu ya bambo ndi mwana wawo, pamodzi ndi ya alendo onse ogona pano, iuse mumtendere.