Tsiku Limene Ndinalephera Kunenerera

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Yesu. Aleluya! Ayi, yankhani ngati mwadya. Aleluya!

Ndaima pano ndikufuna kuchitira umboni, koma Abusa mundikhululukire, ndiyamba ndi kudzitama. Kuchokera pa Golomoti mpaka pa Mtakataka, palibe munthu amene angandigonjetse pa kunenerera. Palibe! Wogulitsa akatchula mtengo, ine ndimaseka, ndimagwira pamtima ngati ndabayidwa, kenako ndimatembenuka n'kumapita. Ndisanaponde kachisanu amafuula yekha, "Bwererani bwana, tikambirane!" Nsapato ndavalazi ndinagula choncho.

Chaka chatha ndinatopa ndi kugula mpunga wosapuntha ku Bwanje n'kumaupereka kwa anthu a mumzinda kuti akapunthe okha, phindu adye okha. Ndinati ndigula chigayo cha mpunga, tizipuntha konkuno, anthu akwathu apeze ntchito. Ku Lilongwe ndinapeza munthu akugulitsa zigayo ziwiri zakale, china cha dizilo, china cha magetsi. Cha magetsi chinali chotchipa. Ndinanenerera, ndinanyanyala, anandiitana, ndinawina. Chinthu chimodzi chokha sindinafunse: chimafuna magetsi otani?

Nthawi imeneyo mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, anali atakonza ulendo wa ku Joni, pasipoti ili m'thumba. Ndinati, "Alamu, mukasiye mkazi ndi ana chifukwa chokasesa pakhomo pa eni? Ntchito ili pano. Woyendetsa chigayo ndinu." Anamasula chikwama. Amayi ena atatu ndinawalonjeza ntchito yopeta ndi kulongedza.

Wokonza zamagetsi atabwera anayang'ana mota, n'kuyang'ana ine. "Achimwene, magetsi a m'nyumba mwanuwa ndi oyatsira babu ndi kutchajira foni. Ichi chimafuna amphamvu, a mawaya atatu, ndipo thiransifoma ili kutali."

Abale anga, ndinayenda. Ndinayenda! Phiri la Khwekhwerere ndinalikwera popita kumaofesi kukapempha magetsi mpaka makona ake onse ndinawaloweza. Ofesi iyi akuti bweretsani chiphaso cha bizinesi. Kwa chiphasoko akuti bweretsani kalata ya malo. Ndabweretsa zonse, akuti dzina lanu talilemba, dikirani. Ndinati basi ndigule injini ya dizilo. Kubanki kokapempha ngongole akuti chikole, nyumba yokhala ndi mapepala. Yanga ija pepala lake ndi kalendala yapakhoma.

Tsiku lina ndinati anthuwa sakundidziwa. Mayi wa mu ofesi atanena kuti "mudzabwere mwezi wamawa", ndinaseka, ndinagwira pamtima, ndinatembenuka. Kamodzi, kawiri, kachisanu, zii. Ndinafika pakhomo, zii. Pakhonde ndinaima ngati ndikumanga nsapato. Amene anandiitana tsiku limenelo anali kondakitala wa minibasi.

Panja pomwepo ananditsatira dobadoba wina. "Bigi, mutandipatsa kangachepe, fayilo yanu imera miyendo." Ndili m'nyumba ya Mulungu, sindinama. Sindinakane chifukwa cha chiyero ayi. Ndinayamba kunenerera! Tinalephera kugwirizana mtengo, ndiye Ambuye anandipulumutsa ku tchimo kudzera mu umbombo wanga womwe. Sekani, ine ndinaseka kale.

Chigayo chinakhala pansi pa tenti miyezi yambiri, mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Mlongo wanga anasiya kundipatsa moni. Mlamu anabwera m'mawa wina, nkhope ili gwa. "Alamu, anthu ayamba kumweta mpunga. Akamaliza chigayo chisanalire, ine ndapita."

Ndinagwada. Koma ngakhale pemphero ndinkanenerera: "Ambuye, mukandipatsa magetsi, ndizibwera ku mapemphero a Lachitatu. Chabwino, ndi a Lachisanu omwe." Kumwamba nako, zii.

Yankho linadzera mwa mayi a kunyumba. Anati, "Abambo, pitani kwa Anachisale."

Anachisale mukuwadziwa, eni chigayo cha chimanga, amagulanso mpunga. Ali apo, akubisa nkhope ndi chitenje. Musabisale mayi! Zimene ena simudziwa ndi izi: zaka zonsezi ine ndinkadikirira alimi panjira ndi sikelo yanga, n'kuwagula mpunga asanafike pamsika pamene Anachisale ankadikira. Ndikamadutsa ndi matumba ndinkawafunsa, "Mayi, lero alimi adwala?"

Ndinapitabe. Ndinawapeza ali mbuu ndi ufa. Anati, "Ee, abwana a panjira! Mwasochera?" Ndinafotokoza zonse, za nkhuku zomwe. Sanaseke. Anati, "Magetsi awa ndinawadikira kuyambira mwana ali kumsana mpaka anayamba sukulu. Ululu wake ndikuudziwa. Shedi yakumbuyo ilibe ntchito, mawaya alipo. Bweretsani chigayo. Bilu tizigawana, madeya a mpunga ndi a nkhumba zanga. Ndipo alimi muziwasiya afike pamsika, tizigula tonse poyera."

Abale, munthu womira akupatsidwa chingwe, koma mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaseka. Ndinagwira pamtima. "Madeya onse? Mayi, mundipha!" Ndinatembenuka. Kamodzi, kawiri, kachisanu, zii. Kachisanu ndi chimodzi, zii. Ndinaima. M'maganizo ndinaona mlamu akukwera basi, ndinaona mlongo wanga atatsala ndi ana, zonse chifukwa cha madeya.

Ndiye ndinamva, "Abambo, bwererani." Mtima unati ndawina! Iwo anati, "Sindichotsapo kanthu. Ndakuitanani chifukwa cha mlongo wanu ndi ana ake. Kunjaku palibenso wina amene akuitaneni."

Ndinavula chipewa. Ndinati, "Ndavomera, mayi." Chibadwire ndinali ndisanavomerepo mtengo woyamba.

Lero chigayo chikulira. Mlamu uyo wakhala kumbuyoyo, pasipoti inasungidwa ndi mkazi wake ndipo akuti anaiwala pamene anaiika. Amayi opeta anali atatu, pano ndi asanu. Magetsi akazima timakhala pansi kudikira, ndipo dzina langa likadali mu fayilo kumtunda kuja. Koma mpunga wa ku Bwanje ukuchoka kuno uli woyera, m'mapaketi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaika thandizo langa m'manja mwa munthu amene ndinkamulanda chakudya pakamwa. Anachisale, zikomo. Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani, kondwerani nane!

Koma musanakhale pansi mundiweruze. Ine ndinapita kukanenerera, sanandichotsere ngakhale chikho chimodzi cha madeya, njira yanga ya alimi anaitseka, koma ndinabwerako ndi chigayo cholira ndi mlamu wosapita. Abale, pa malonda amenewa anawina ndani?