Imvi za kwa Njobvu

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961 kuno ku Kafue, kumanyumba a njanji. Dzina lawo ndi ba Lastone Njobvu, mwana woyamba wa ba Harrison Njobvu. Amene ndikuwerenga ndine Jethro, mng'ono wawo.

Sukulu analekezera Fomu 3, ndipo mu 1979 analowa ntchito pafakitale ya nsalu. Imvi anamera ali ndi zaka 21, monga atate athu. Tinkanyada nazo, tinkati ndi imvi za kwa Njobvu. Mu 1985 anamanga banja ndi ba Rachael. Ntchito itatha mu 1996, pamene makampani ankachotsa anthu, anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika ku Nangongwe.

Mu 2006 anayamba chifuwa chouma. Tonse tinati ndi TB. Mankhwala ake anamwa maulendo awiri, ngakhale m'makhololo simunapezeke kanthu. Tinawapatulira kapu ndi mbale yawoyawo. Choipa koposa, tinkanong'onezana kuti matenda anabwera ndi alamu athu ba Rachael. Amene ankanong'ona kwambiri ndine.

Mwezi wathawu dokotala wina ku Lusaka anawajambula m'chifuwa, natiuza kuti si TB. Mapapo anali atachita zipsera, atauma, osatha kukoka mpweya. Anati matendawa sapatsirana, ena ndi a kumtundu. Kenako anafunsa ngati pabanja pathu alipo anamera imvi ali wamng'ono n'kumwalira ndi befu. Abale anga, ndinakhala pansi. Atate anapita choncho mu 1988. Atete athu ba Christine, alongo awo a atate, chimodzimodzi. Ife tinkati ndi fodya, tinkati ndi utsi wa nkhuni.

Anawaika pa okosijeni, koma mankhwala ochotsa zipserazo kulibe. Anatisiya Lolemba pa 17 Ogasiti 2009, ali ndi zaka 48. Mpaka lero mutu wanga sunagwire.

Ba Rachael, zaka zitatu munawasambitsa nokha, kumwera kapu imene ife tinkaiopa. Tinakulakwirani, ndipo ndikunena pamaso pa anthu onsewa. Matenda anali athu. M'nyumba mwanu palibe adzachotse ngakhale supuni.

Malemu anapempha chinthu chimodzi, kuti onse a magazi awo tikapimidwe mapapo msanga, ndi kuti osuta fodya aleke. Lachinayi tikwera minibasi yoyamba ya ku Lusaka. Ine nditsogola, chifukwa mutu wangawu mukuuona, ndipo chifuwa ndachibisa kuyambira mu Juni.

Asiya akazi awo ba Rachael, abale atatu, ndi ana atatu: Titus, Chimuka ndi Nelly. Titus ali ndi zaka 22, ndipo imvi zake zoyamba tinazisekerera pa Khirisimasi.

Tikuthokoza a mpingo, anzawo a pamsika amene anasonkha, ndi adzukulu okumba manda. Akulu anga, mwatichenjeza ndi moyo wanu. Gonani mumtendere, ana anu tipita nawo.