Dzina la Patson pa Makompyuta a ku Nathenje

Patson wa ku Mitundu, wokonza mafoni ndi makompyuta, anadzikonzera Linux yakeyake, ija pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaloledwa kutenga, kusintha n'kugawira ena, bola atchule kumene waitenga. Atamva kuti mlamu wake Rozina, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale ina ku Nathenje, watapamo kachigawo koteteza ntchito kuti isatayike magetsi akathima n'kukaika mu yake, anatseka shopu masanasana n'kukwera maminibasi awiri atatupa ndi mkwiyo.

"Alamu, mwandibera," anatero Patson ali pakhomo la chipinda cha makompyuta cha pasukulupo, ngakhale odi osanena.

"Kalanga ine! Chasowa n'chiyani?"

"Kachigawo kanga ka magetsi."

"Kasowa mu kompyuta yanu?"

"Kalimo."

"Ndiye mwakapeza. Mulungu ndi wabwino. Khalani pansi."

"Sindikhala! Ndikunena za dzina langa. Munthu ukapempha kholowa kuti ukabzale, mbatata zikacha umauza anthu kuti mbewu iyi ndinatenga kwa auje. Si mwambo umenewo?"

"Ndi mwambo, alamu. N'chifukwa chake ndinakulembani."

Rozina anatsegula pa kompyuta ndandanda wa oyamikidwa. Anatsitsa, anatsitsa, mpaka chala kutopa. Patson anayandikitsa mphuno pa sikirini.

"Lili pati?"

"Apo. Nambala 212."

"Ii! Tizilembo ngati nthata za nkhuku! Nanga anthu 211 ali pamwamba pangawa ndi a kwa yani?"

"Amene anayamba ntchitoyi ife tisanaidziwe. Ndinayala motsata zaka."

"Alipo mwa iwo amene anadyako kwanu? Alipo anabwera pa chinkhoswe chanu?"

Rozina anawerenga mayina angapo chapansipansi. "Palibe."

"Ndiye ndikwezeni!"

"Mpaka nambala chani? Pa 150 pali mayi wa ku Kenya. Ndimutsitse?"

"Tsitsani onse! Kachigawo kaja ndinakapanga ndekha ndi mutu wangawu, sabata zitatu, mazira anga akuwola m'shopu."

"Mumagulitsanso mazira?"

"Musandichotse pa nkhani! Ndikufuna kompyuta ikangoyaka, dzina langa liyambe kuoneka. Zilembo zikuluzikulu. Ana aziliwerenga ngakhale ali pa windo."

"Dzina lokha?"

"Ndi nambala ya foni. Makasitomala a kuno adziwe kuti ku Mitundu kuli munthu."

"Ndilembenso pamene pali shopu?"

Patson anamwetulira koyamba chifikireni. "Tsopano mwayamba kuganiza. Kuseri kwa msika, moyang'anana ndi chigayo."

Rozina analemba mosamala, n'kutumiza ku makompyuta onse makumi awiri a m'chipindamo. Anayaka limodzi, PATSON WA KU MITUNDU mbuu ponseponse. Mwini dzinalo anakhala pansi tsopano, mwendo pamwamba pa unzake, chisangalalo chosabisika.

"Eya. Kodi zinali zovuta?"

"Ayi ndithu. Mwandithandiza, alamu. Ahedi akhala akukufunafunani kuyambira Lolemba."

"Mwaona? Ntchito yabwino imadziitanira yokha. Akufuna ndiwaikire kunyumba?"

"Sananene. Anangofunsa kuti anapanga ka magetsi ndani. Ndinati nambala 212, koma magalasi awo anathyoka."

"Anafunsa akumwetulira?"

Rozina anayang'ana kudenga kuti akumbukire bwino. "Mano ankaoneka."

Mwendo wa Patson unatsika wokha. "Tafotokozani bwino."

"Lolemba magetsi anathima ahedi akumaliza kulemba mayeso oyeserera a Folomu 4. Atayakanso, kachigawo kanu kanasunga bwinobwino."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Kanasunga tsamba lopanda kanthu pamwamba pa mayeso onse. Maphunziro asanu ndi atatu. Kanasunga molimba, alamu, mpaka lero sitinathe kubweza."

"Nanga inu simunakayese musanaike?"

"Munalembamo nokha kuti kayesedwa kale, munthu asakhudze. Sindinakhudze."

Patson anaimirira. "Fufutani dzina."

"Mwambo uja, alamu. Kholowa."

"Libwezereni pa 212!"

"Pamenepo ndakwezerapo kale amene anali pansi panu."

"Chotsani nambala ya foni yokha, chonde. Ndi chigayocho."

Panja panamveka nsapato zolemera zikubwera m'khonde. Rozina anasuzumira pa windo.

"Ndi ahedi. Magalasi atsopano awakhala bwino."

Patson anayang'ana chitseko, chinali chimodzi. Anayang'ana mawindo, anali ndi zitsulo. Anagwada pafupi ndi mpando wa mlamu wake n'kunong'ona.

"Alamu, kunena zoona pamaso pa Mulungu, kachigawo kaja ndinakopera kwa mnyamata wina wa ku Brazil. Ine ndinangochotsa dzina lake."

"Ndiye nditani?"

"Lembani lakelo msanga, zilembo zikuluzikulu! Munthu aziyamikidwa pa ntchito yake."