Naini wa Ackim

Unali mwezi umene kusikelo ya ana anachotsa sikelo ya mapaundi n'kupachika ya makilo. Pa siteji ya basi ku Mzuzu, Mabel, khanda lili kumsana, anatembenukira mayi wachikulire amene anaima naye.

"Amama, mwana wanga Ackim akutha. Mwezi watha anali nayintini, lero akuti naini. Apongozi akamva ati ndamusiyitsa bere msanga."

"Kodi akudwala?"

"Ayi, akudya chomene."

"Ndiye musalire. Mtsikana wanga wa kusekondale ku Katoto akuti kilo imodzi ndi mapaundi awiri ndi kanyenyeswa. Mugawe nainiyo pawiri."

"Ikhala folo ndi hafu. Ndiye wachepanso, amama."

"Dikirani, mwina anati kuchulukitsa. Naini kawiri ndi eyitini."

"Eyitini sanafikebe pa nayintini. Paundi imodziyo yapita kuti?"

"Kaya, mwina ili m'kanyenyeswa kaja. Mtsikanayo sindinamufunse kuti n'kakakulu bwanji."

"Nanga kunyumba ndikanena nambala iti?"

"Musakanene nambala. Apongoziwo mukangowabereketsa mwanayo, akwere naye chitunda cha Zolozolo. Akafika pamwamba akuuzani okha."