Tsiku Limene Akazi Anga Adakwera Basi Yolakwika ku Tete

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, a mumphakati wathu ndi ena nonse amene pepala ili likufikeni m'manja, landirani moni wanga kuchokera kuno ku Mtakataka. Ine ndine Mbewe, uja ndidagwira ntchito ya ukalaliki pamsika wa thonje mpaka kupuma. Ndalemba kuti mudziwe zimene Mulungu adandichitira tsiku limene akazi anga, a Nangozo, adasowa m'dziko la eni, ine foni ili m'manja koma yosatha kuimba. Ena mwaimva nkhaniyi m'zidutswa, ndipo ena mwayamba kale kuikometsera. Pano ndiilemba monga idachitikira, ndi zolakwa zanga zomwe.

Maso a a Nangozo adachita ng'ala. Zidayamba pang'onopang'ono, mpaka zidafika poti munthu akaima pakhomo ankamuzindikira ndi mawu okha. Mwana wathu Jasinta, amene amagwira ntchito ku Joni, adakonza zoti amayi ake akachitidwe opaleshoni kumeneko, natitumizira matikiti a basi yodzera ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Pafoni adandiuza kawiri konse kuti, "Ababa, laini za kwathu sizingogwira zokha kunja. Pitani ku ofesi akakutsegulireni musananyamuke."

Ofesiyo ili kutali, ndipo ndidaona ngati n'kutaya tsiku. Ndidapita kwa bambo wina wokonza mafoni pa Golomoti. Adatenga foni yanga ndi ya a Nangozo, adadinadina mabatani, nati zatheka. Ine mawu apakamwa sindilandira. Ndidamuuza kuti alembe, ndipo adalembadi papepala la m'kope kuti mafoni awiriwa adzagwira ntchito m'dziko lililonse, nasaina. Pepalalo ndili nalo, wofuna kuliona abwere. Munthu wamkulu, wa banja lake, kunamiza nkhalamba ziwiri zopita kuchipatala! Nditabwerako ndidakamuonetsa zimene adalemba, iye n'kungoti, "Madala, netiweki yakunja ndi yovuta." Ndamukhululukira poti Ambuye adalamula, koma pepalalo sinditaya.

Komabe cholakwa chachikulu chidali changa. Pakhomo pathu mapepala onse ndimasunga ndine: a ubatizo, a ukwati, a kuchipatala, a munda. Kalekale a Nangozo adachapira khadi la kusikelo la mwana m'thumba la diresi, ndipo kuyambira pamenepo sindidawasungitsenso pepala lililonse. Choncho paulendowu mapasipoti onse awiri, matikiti onse awiri, kalata ya dokotala ndi kope la manambala zidali m'kachikwama kanga, kamene ndidakakoleka m'khosi. Iwo adali ndi kafoni kawo kokha, komanga pansonga ya chitenje. Tidapangana monga timachitira tikasowana pamsika: wina afulasha, winayo aimba. Ndi Jasinta yemwe timatero. Ndimangoliza kamodzi n'kudula, iye amaimba yekha.

Tidakwera phiri kupita ku Dedza, tidadinditsa mapasipoti pachipata, basi n'kulowa m'Mozambique. Kwa kanthawi foni idali ndi timizere take tonse, ndipo ndidaigwira monyadira. Titapita patsogolo timizereto tidazimirira. Ndidati ndi mapiri, tibweranso.

Ku Tete tidafika dzuwa litangopendeka, kukutentha kuposa kwathu kuno nthawi yososa. Titawoloka mlatho wautali wa pa Zambezi, basi idaima pabwalo lalikulu pomwe mabasi amapumira, kuti anthu adye ndi kudzithandiza. Mayi wina amene adakhala kumbuyo kwathu adagwira a Nangozo dzanja kupita nawo kuchimbudzi cha amayi, ine ndidatsala pampando kuyang'anira katundu. Patapita nthawi mayiyo adabwera yekha. Adati a Nangozo adatuluka msanga, namuuza kuti asavutike, basi akuiona, yoyera yaikuluyo. Abale, pamene tinkafika pabwalo paja padali mabasi oyera aakulu anayi. Pamene ndinkatsika kukawafuna, adali atatsala awiri.

Ndidalowa m'basi inayo, ndidayenda mpaka kumpando womaliza, mulibe. Ndidatulutsa foni kuti ndifulashe. Sidalire n'komwe. Ndidaizimitsa n'kuiyatsa, ndidachotsa batire, ndidapukuta simukhadi pamalaya, ndidaikweza m'mwamba nditaima pamwala, koma ayi. Mayunitsi adali odzaza, opanda ntchito. Bambo wina wa m'basi mwathu, wozolowera njirayi, adali ndi laini ya komweko, ndipo adandiimbira nambala ya a Nangozo katatu. Katatu konse adapukusa mutu. Apo m'pamene ndidazindikira kuti kafoni kawo nako kadafa ngati kanga, poti adakonza ndi munthu mmodzi. Za Jasinta sindidaganize n'komwe. Ndinkati ali kutali, angachite chiyani.

Ndidazungulira bwalo lonse. Pa msinkhu wanga, ndidaima pakhomo la chimbudzi cha amayi n'kumakuwa kuti, "Nangozo! Nangozo!" Ndidafunsa alonda m'Chingerezi chimene ndidagwira nacho ntchito zaka zonsezi, iwo ankandiyankha m'Chipwitikizi, akuloza uku ndi uku. Ndili mkati mothamanga choncho, kachikwama kadandimenya pachifuwa. Ndidaima. Ndidatsegula, ndipo munali mapasipoti awiri.

Mantha amene adandigwira pamenepo sindidawamvepo chibadwire. Ndidatsegula pasipoti yawo, chithunzi chawo chikundiyang'ana, eni ake ali m'basi yosadziwika kumene ikupita. Mayi wosaona bwino, wopanda tikiti, wopanda chiphaso, wosadziwa chilankhulo. Ndidaganiza kuti kondakitala akawapeza alibe tikiti awatsitsa patchire. Ndidaganiza kuti akafika pamalo ofunsa mapepala awatenga ngati wolowa m'dziko mozemba. Kenaka ndidaganiza chimene sindinkafuna kuganiza, kuti atakomoka ndi kutentha kuja n'kutsirizikira panjira, palibe angadziwe dzina lawo kapena mudzi wawo. Angawaike m'manda a anthu osadziwika, ine pasipoti ili pachifuwa. Ine amene ndikusungabe lisiti la njinga imene idatha kalekale, mkazi wanga ndidamusiya opanda kapepala konena kuti ndi ndani.

Dalaivala adandidikira nthawi yaitali, ndipo iyeyo sindimudandaula. Pomaliza adati, "Bambo, tikachedwanso tipeza chipata cha ku Zimbabwe atatseka, ndipo ndanyamula anthu ambiri. Mukwera kapena titsitse katundu?" Ndidati tsitsani. Basi idatuluka pabwalo, ine n'kutsala ndi zikwama ziwiri ndi juzi ya a Nangozo imene adaisiya pampando.

Ndidakhala pachikwama. Ndidatulutsa korona, koma mapemphero amene ndakhala ndikutsogolera mumphakati zaka zambiri adandithawa onse. Adangotsala mawu ochepa, ndipo ndidawanena mokweza, osasamala za anthu: "Ambuye, ine mundilange mmene mufunira, koma uja saona. Muikeni m'manja mwa munthu."

Sipadapite nthawi, ndidamva mawu kumbuyo kwanga m'Chichewa chenicheni. "Madala, mwataya chiyani?"

Adali mayi wogulitsa masawu ndi madzi ozizira, beseni lili pamutu. Adati kwawo ndi ku Ulongwe, kufupi ndi malire a kwathu, ndipo adandimva ndikupemphera. Ndidamufotokozera zonse mosalongosoka. Adatula beseni, nandifunsa ngati tili ndi mwana. Ndidati alipo koma ali ku Joni.

"Ndiye mukudikira chiyani?" adatero, akumasula foni yake m'chitenje.

Adakopera nambala ya Jasinta m'kope langa, nandipatsa foni. Ndidadina, idalira kamodzi, ndidadula. Ndidadikira. Zii. Ndidadinanso, kamodzi, n'kudula. Ndinkaganiza kuti mayunitsi ndi a eni, munthu wogulitsa masawu padzuwa, sindingamudyere. Nditatero kachitatu, mayi uja adandiyang'ana.

"Kodi mukuchita chiyani, madala?"

"Ndikufulasha. Aimba yekha, ndi mmene timachitira."

"Aimba yekha! Akudziwani bwanji pa nambala yanga? Aziti ndi akuba aja oliza kamodzi. Mkazi wasowa inu mukusunga mayunitsi? Bweretsani kuno!"

Adandilanda foni, adaimba, naiika pakhutu panga ndi dzanja lake. Dzanja linalo adandigwira nalo mkono kuti ndisadule. Idalira, idalira, idaliranso. Kenaka mawu aja, okayikira, "Halo?"

"Jasinta, ndine bambo ako."

"Ababa! Muli kuti? Amayi ali moyo, ndalankhula nawo! Ali ku Moatize!"

Sindichita manyazi kulemba kuti ndidalira pakati pa bwalo, mayi wachilendo atandigwira mkono.

Zidachitika ndi izi. Basi imene a Nangozo adakwera inkabwerera cha kwathu. Adakhala pampando wapazenera, akuganiza kuti ine ndatsika kukagula chakudya. Basi itanyamuka adati mwina ndakhala kutsogolo. Adadzidzimuka atamva matayala akulira pamlatho wautali uja, poti mlathowo tidali titawoloka kale. Adayamba kuitana, kondakitala adafunsa tikiti, ndipo pa Moatize, tauni yoyandikana nayo, adawatsitsa m'mbali mwa msewu pafupi ndi bambo wina womata matayala. Bamboyo adawakhazika pamthunzi nawapatsa madzi. Ankalankhula Chinyungwe, ndipo ankamvana mwa apo ndi apo. A Nangozo adaloza foni ya bamboyo, natchula nambala yonse ya Jasinta pamtima, osaphonya ngakhale imodzi. Ine sindinkadziwa kuti amaidziwa. Adandiuza pambuyo pake kuti maso atayamba kufooka adapempha mnzawo wa kukwaya kuti aziwawerengera mpaka italowa m'mutu. Bambo wa matayala uja sadafulashe. Adaimba.

Jasinta adali atayesa laini yanga mpaka kutopa. Kuliza kwanga kutatu kuja adakuona, koma adakusiya dala, poganiza kuti ndi anthu achinyengo, komanso sankafuna kuti foni itanganidwe ine ndikamaimba.

Mayi wa masawu adasiya beseni lake kwa mnzake, adasenza chikwama chimodzi, ndipo tidakwera naye minibasi. Tidawolokanso mlatho. Njira yonse ndinkaopabe, ndinkati mwina atopa kudikira ndipo anyamuka kundifuna, mwina tapatsidwa malo olakwika. Jasinta ankaimba pafoni ya mayiyo, kenaka pa ya bambo wa matayala, kutilondolera. Titatsika, ndidawaona atakhala pa tayala lakutha pansi pa mtengo, manja ali pamiyendo, nkhope atalozetsa kumsewu.

Ndidaitana. Adatembenukira kumene kunkachokera mawu.

"Abambo a Jasinta, ndinu?"

"Ndine."

Adaimirira, adandipapasa kumaso, pamapewa, mpaka dzanja lawo lidafika pa kachikwama kaja. Pamenepo lidaima.

"Ndipatseni pasipoti yanga."

Chizolowezi n'choipa, abale. Ndidayamba kunena kuti ingatayike.

"Lero chatayika n'chiyani," adatero, "pasipoti kapena ine?"

Ndidawapatsa. Ndidawapatsanso tikiti yawo ndi kalata ya dokotala. Ndidathothola tsamba m'kope, ndidalembapo dzina lawo, mudzi wathu ndi nambala ya Jasinta m'zilembo zikuluzikulu, ndipo zonsezo adazikulunga m'kansalu n'kuziika m'bulauzi. Mpaka ku Joni sindidazikhudzenso, kupatula pamene iwo eni adazitulutsa pachipata.

Mayi uja adatipezera malo ogona, ndipo m'mawa mwake adatithandiza kugula laini ya komweko tisanakwere basi ina. Opaleshoni idachitika. Diso lamanja likuona bwino, moti a Nangozo ayambanso kusankha okha nsomba pamsika. Lamanzere likadali ndi chifunga, tikudikira tsiku lina.

Ndikuthokoza Mulungu amene adamva pemphero losalongosoka la munthu wouma mutu. Ndidapempha kuti awaike m'manja mwa munthu, ndipo adatipatsa anthu awiri, wina wa iwo ndi wina wa ine, onse osatidziwa, onse osapempha kanthu. Muziwakumbukira m'mapemphero anu, mayi wa ku Ulongwe ndi bambo womata matayala. Ndikuthokozanso inu a mumphakati amene mudatiperekeza ndi mapemphero ponyamuka.

Amene mukukonzekera ulendo wakunja, mverani ana anu. Laini kakatsegulitseni ku ofesi yake, osati pa benchi la pamsika, ndipo mukangowoloka malire yesani kuimba basi isanapite patali. Aliyense anyamule pasipoti yake, ngakhale akhale wosaona kapena wosadziwa kuwerenga. Nambala ya mwana wanu ikhale m'mutu. Ndipo mlendo akakubwerekani foni tsiku la mavuto, imbani mpaka ayankhe, zothokoza mudzanena pambuyo.

Inu amene wanu wasowa lero, kaya ndi mwana adapita ku Joni n'kusiya kuimba, kaya ndi mwamuna adapita kunyanja osabwerako, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakutherani. Ine ndidakhala pachikwama ku Tete osadziwa ngati mkazi wanga walowera kumpoto kapena kum'mwera. Mulungu ankadziwa tayala limene adakhalapo. Ambuye akusungeni nonse.