Chitsanzo cha Besi

Amuna anga akanena chinthu sabwerera m'mbuyo: anakana kugula gitala ya besi m'sitolo, ati ya m'sitolo ilibe moyo. Ndiye anabwereka besi ya mkulu wa bandi imene ikufuna kuwalemba ntchito, n'kuisiya kwa achimwene anga, akalipentala odziwa mipando basi, kuti awapangire yofanana nayo. Tsiku lobweza besi ya eniyo litakwana ndinawaperekeza kushedi ya achimwenewo, poti zoterezi sindikonda kumva kwa anthu.

"Alamu, nayi!" anatero achimwene akuvundukula nsalu. Vanishi anali waliwali.

"Eee! Mwaona, mayi? Munkati m'bale wanuyu ngwa mabenchi okhaokha." Amuna anga anaikoleka paphewa, bondo linapindika pomwepo. "Koma kulemeraku bwanji?"

"Munati ikhale yolimba. Thabwa limeneli ndimapangira zitseko."

"Zikomo kwambiri. Akuba sadzalowamo. Ndipatseni ya eni ake ija ndizipita, akuifuna folo koloko."

"Yesani kaye yanuyi."

Analumikiza waya kusipika n'kukhudza nsambo yaikulu. Duuum! Utuchi unagwa kudenga, galu wa pakhomo n'kuthawa.

"Mayo ine! Ikulira ndendende ngati ya abwana!"

"Ingalire mosiyana bwanji?" anatero achimwene akupukuta manja. "Timaginito togwira mawuto ndi tomwe tija."

"Tofanana, mukutanthauza."

"Ayi, tomwe tija. Ndinapita ku hadiweya, anandiseka. Ndiye ndinangomasula m'chitsanzo."

Amuna anga analoza gitalayo. "Nsambozi?"

"M'chitsanzo."

"Zokungira nsambozi?"

"Alamu, inu mumaganiza kuti zimamera m'munda?"

"Chabwino, akatswiri. Bwezeretsani zonse msangamsanga. Thupi lake lili kuti?"

"Mbali iti?"

"Mbali iti bwanji?"

Achimwene anakoka katoni pansi pa tebulo. Munali besi ya abwana, zidutswa zisanu ndi ziwiri, chilichonse atachilemba nambala ndi pensulo mwaukhondo.

"Ine munthu akandipatsa mpando kuti ndikopere, ndimauphwasula," anatero modekha. "Ukapanda kutero umangonamiza kasitomala. Mukudziwa kuti m'khosi mwa gitala mumakhala chitsulo chachitali? Kunja sichioneka."

"Inu munachiona bwanji?"

"Ndi sowo."

"Sowo! Ambuye! Besi yochokera kunja, munthu amaipukuta ndi mpango wakewake, inu mwaicheka ngati nkhuni?"

"Nkhuni sitiyeza. Apa ndinayeza kawiri."

"Ha, ndiye mtima wanga wakhala pansi. Bwanji simunandiimbire foni?"

"Munati, ‘Musandivutitse ndi mafunso, chilichonse chimene mukufuna chili m'chitsanzomo.’ Ndipo munanena zoona, alamu. Chilichonse ndinachipeza momwemo."

Kunena zoona ndinawamvera chisoni amuna anga. Ntchito imeneyi anaidikira zaka zitatu, ndipo apa inali itagona m'katoni. Koma kuseka kunandipweteketsa nthiti.

"Mumata," anatero amuna anga akuloza katoniyo. "Guluu muli naye. Mumata pompano!"

"Ndikhoza kumata. Ikhala shelefu yabwino ndithu."

"Ndikawauza chiyani abwana?"

"Mukawapatse iyi. Mawu ndi awo, nsambo ndi zawo, chitsulo cha m'khosi ndi chawo. Thupi lokha ndiye lasintha, ndipo ili chiswe sichingayerekeze."

Amuna anga anasisita vanishi uja ngati mwana amene akukamusiya kuchipatala. Foni inalira m'thumba, anayang'ana dzina, sanayankhe. Kenako anavula lamba paphewa pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ine, amene ndinayambitsa zonsezi, ndilibe besi."

"Musadandaule, alamu, yanu ndipanga. Dzanja lazolowera tsopano, masiku atatu okha yatha." Achimwene anatsegula chitseko n'kuwagwira paphewa. "Mukangowapatsa, muwapemphe akubwerekeninso. Pafunika chitsanzo."